Galimoto Yopanda Kilatchi

Lamlungu, pa 9 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo. Kunja kwayamba kuzizira, ndipo amayi atulutsa kale mabulangete aja onunkha kabati, akuti munthu asadzawadandaulire za chifuwa.

Mudabwa kulandira kalata yolemba pamanja pamene foni muli nayo, inenso ndili nayo. Koma pa foni mumandifunsa kuti abambo ali bwanji, ine n'kuyankha kuti ali bwino, inu n'kunena kuti tithokoze Mulungu, basi n'kuyamba za sukulu ya ana. Takhala tikutero chitulukire abambo m'chipatala. Pali zambiri zimene zakanika kulowa m'mawu oti ali bwino, ndipo zina mwa izo mukazimva mundikalipira. Ndiye ndaona kuti ndilembe, kuti mukalipe mutamva zonse.

Ndiyambe ndi mmene analili titangobwera nawo kunyumba. Bala la pamene anadula mwendo wakumanzere paja linkapola bwino, shuga nayenso anatsika, adokotala ankasangalala. Koma munthu amene tinabwera naye sanali abambo amene mukuwadziwa inu. Abambo aja ankati akabwera ku ulendo ndi lole, anthu a nyumba zoyandikana nafe ankadziwira kuseka kwawo kuti afika, anasanduka munthu wa m'chipinda. Anapempha kuti mpando wawo tiutembenuze, usayang'ane ku msewu. Wailesi ankati ikusokosa. Anzawo a ku malole anabwera kangapo, a Mtali ndi gulu lawo lija, koma abambo ankatuma amayi kuti akawauze kuti agona. Ndodo zoyendera zimene tinapatsidwa ankazigwira popita ku bafa pokha. Lole ikamasintha giya pa mtunda wa kuseri kwathu, ankasiya kutafuna mpaka idutse.

Za inu sankatchula. Ndikudziwa kuti zimakuwawani kuti mukaimba amangopereka foni kwa amayi. Chifukwa chake mukuchidziwa ngakhale sitinakambiranepo. Tsiku lija anakana opaleshoni, inu n'kuwakalipira pa foni mpaka anamwino akumva, iwo anavomera, koma anasunga mumtima kuti mwana wawo wachisamba ndi amene anawadulitsa mwendo. Ine ndi amayi tikudziwa kuti mukanapanda kuwalankhula mwaukali choncho, bwenzi lero tikunena zina. Koma munthu amene wadzuka n'kupeza bulangete laphwa mbali imodzi simungamuuze zimenezo.

Galimoto yanga simunaione, ndinagula kwa mnzanga wa ku shopu kwathu inu mutapita kale. Ndi yaing'ono, ya otomatiki. Abambo ataiona koyamba, nthawi imeneyo ali ndi miyendo yonse, anasuzumira pansi pa chiwongolero, anaona zopondera ziwiri zokha, n'kundifunsa ngati chachitatucho anachiiwala ku fakitale. Ndinawauza kuti galimoto zotere zilibe kilatchi, zimasintha zokha magiya. Anati ndiye si galimoto imeneyo, ndi mpando woyenda, ndipo anakana ngakhale kuizungulitsa pabwalo. Ine ndinalibe nazo ntchito. Mnzanga uja pondipatsa makiyi anandionetsa zilembo zitatu pa chogwirira cha giya: P poima, R pobwerera m'mbuyo, D popita kutsogolo. Zinazo anati ndizisiye, ndipo ndinazisiyadi.

Atatuluka m'chipatala, galimoto yomweyo ndi imene inkawatengera kokatsukitsa bala. Ankakhala kumbuyo, ndodo zili pamiyendo, maso atatseka kuyambira pa geti mpaka kukafika. Inu mukudziwa kuti abambo sankatha kukhala m'galimoto yoyendetsa wina osamuuza chochita. Ine ndinkachita dala kukhota moipa kapena kuchedwa kuyatsa indiketa kuti mwina andidzudzule, koma ayi ndithu.

Tsiku lina tikubwerera kunyumba tinapeza msewu waukulu atautseka, akukonza mlatho, ndipo anatilozera msewu wodzera pamwamba pa phiri, uja umakatsikira kwa ocheka matabwa. Ndinali ndisanayendetsepo pamenepo. Mtsetse wake ndi wautali, wokhotakhota, ndipo phazi langa linali pa buleki kuyambira pamwamba. Tisanafike pakati ndinamva fungo la chinthu chopserera. Kenako buleki inayamba kulowa pansi kwambiri koma galimoto osagwira monga mwa masiku onse. Kutsogolo kwathu kunali lole ya mchenga ikutsika pang'onopang'ono, ndipo ife tinkaiyandikira. Abambo sindinawauze, ndinkaopa kuwaopsa.

Ndipamene ndinamva mawu kumbuyo, odekha ngati akupempha madzi akumwa.

“Chitsiriza, m'munsi mwa D palembedwa chiyani?”

Ndinayankha kuti pali 2, kenako L.

“Kokera pa 2. Maso asachoke pamsewu.”

Ndinakoka. Injini inabangula, galimoto inachita ngati wina waigwira malaya kumbuyo. Ndinaganiza kuti ndaswa chinachake, ndipo dzanja linapita kuti libweze pa D, koma abambo anati ndiisiye, ikulira chifukwa yayamba kugwira ntchito. Anandiuza kuti buleki ndiziponda n'kusiya, kuponda n'kusiya, kuti ipume. Titafika pokhota pomaliza paja, pamene msewu umachita kugwada, liwiro litachepa, anati ndikokerenso pa L. Galimoto inatsika yokha ngati nkhalamba yotsika masitepe, lole ija n'kumatisiya.

M'munsi anandiuza kuti ndiime pambali kuti mabuleki azizire. Tinakhala pamenepo, macheka akulira m'mashedi, utuchi ukuuluka. Patapita kanthawi anandifunsa kuti anandiphunzitsa kutsika phiri ndi buleki yokha ndi ndani. Ndinati palibe, ku sukulu yoyendetsa tinkangozungulira m'tauni. Atamva zimenezo anati, “Ndiye mlandu ndi wanga. Ndinaphunzitsa achimwene ako okha.” Aka kanali koyamba kukutchulani chichitikire opaleshoni. Njira yonse yotsalayo maso awo anali otsegula.

Madzulo amenewo ndinatulutsa kabuku ka galimoto kamene kanali kakungokhala m'kabokosi ka kutsogolo, n'kukawerenga konse. Ndinachita manyazi kuti ndakhala ndikuyenda ndi chinthu chimene sindikuchidziwa, mmenemo nditanyamula makolo anga.

Loweruka lake m'mawa, amayi atapita kukazonda mnzawo wodwala, ine ndinali kutsuka galimoto pabwalo. Ndinamva ndodo zikugogoda pakhonde. Abambo anatsika sitepe ija okha, anabwera mpaka pa chitseko cha woyendetsa, anatsegula, n'kuyang'ana pansi pa chiwongolero nthawi yaitali.

“Zopondera ziwiri,” anatero.

Ndinavomera.

“Zonse za mwendo wakumanja.”

Ndinavomeranso. Sanandiyang'ane. Anandipatsa ndodo kuti ndigwire, anakhala pampando, n'kundiuza kuti ndiwaphunzitse ngati munthu amene sanaonepo galimoto.

Achimwene, mukanakhalapo mukanaseka mpaka kugwira m'mimba, ngakhale ine sindinayerekeze kuseka. Analiza injini bwinobwino, anagwira giya kuti aichotse pa P, giya osasuntha. Anakoka mwamphamvu, osasuntha. Anandiuza kuti mnzanga uja anandigulitsa galimoto yakufa. Ndinawauza mwaulemu kuti aponde kaye buleki, adine kabatani ka pa chogwirira, kenako akoke. Anatero, giya inayenda mofewa ngati mpeni m'batala. Anangoti hmm. Ndinawafotokozera zimene ndinawerenga: kuti P ndi kachitsulo kamene kamakiya magiya, choncho munthu asaikepo galimoto isanaime kwenikweni, kuti kuchoka pa D kupita pa R nakonso n'koyamba waima, kuti injini siingalire giya ili pa D, ndipo makiyi satuluka ngati sunabweze pa P. Titafika pa N nkhope yawo inamasuka, anati imeneyi ndi fili, pamene injini siikoka matayala, akuidziwa, ndi m'bale wawo yekhayo amene wamupeza muno. Nditawauza kuti galimoto yotere batire ikatha siilira ndi kukankha, anapukusa mutu n'kunena kuti ndiye anyamata a m'misewu adya chiyani.

Kenako anaika pa D n'kuchotsa phazi pa buleki. Galimoto inayamba kukwawa yokha asanaponde moto. Anaponda buleki mwadzidzidzi mpaka ine ndinagunda mutu, n'kundifunsa kuti waituma ndani. Ndinati ndi mmene zimachitira. Anati galimoto yoyenda isanauzidwe ndi yofunika kuiyang'anitsitsa, ngati mpongozi wolankhula kwambiri. Tsiku limenelo tinangoyenda kuchoka pa mpopi kukafika pa geti n'kubwerera. Amayi pobwera anapeza abambo ali pampando wawo, koma anadabwa kuti chakudya anamaliza chonse.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse masana tinkauza amayi kuti tikukapitidwa mphepo, n'kupita ku bwalo la mpira la ku pulayimale kuja. Kumeneko ndi kumene ndinaona kuti nkhaniyi siinali yophweka monga ndinkaganizira. Mutu wa abambo unamva zonse tsiku loyamba lomwe, koma thupi linakana kumva. Injini ikangokweza mawu pang'ono, kachidutswa ka mwendo kaja kankadumpha pampando kufuna kilatchi, ndipo dzanja linkachoka lokha pa chiwongolero kupita pa giya. Ndinkawakumbutsa, iwo n'kuvomera, tikazungulira kamodzi dzanja lija labwereranso.

Lamlungu lina dzanja linafika ndithu, n'kukankhira giya pa N galimoto ikuyenda. Iwo phazi lili pa moto, injini inalira mokweza koma galimoto ikungoyandama, osakoka. Anasokonezeka, ndinaona mwendo wodulidwa uja ukuponda m'malere mobwerezabwereza. Ndinawauza kuti achotse phazi pa moto, aponde buleki. Tinaima pafupi ndi golo. Anabweza pa P, anazimitsa injini, n'kukhala atagwira chiwongolero ndi manja onse. Sanalire. Anangondiuza kuti phazi lakumanzere likuwayabwa pansi, pamene pankakhudza kilatchi, ndipo alibe pokanda. Kenako anati tisinthane, tizipita kunyumba.

Sabata imeneyo anabwerera m'chipinda. Ine ndinadziimba mlandu kuti ndawaonetsa chinthu n'kuwalandanso. Koma Lachisanu madzulo ndikuchokera ku ntchito ndinawapeza pakhonde akundidikira. Anati m'mawa ndisatulutse galimoto, aitulutsa okha ndi livesi.

Zimene zinachitika m'mawa mwake ndi zimene amayi anakuuzani, koma anakuuzani mwachidule. Abambo analowa, analiza, anakoka giya osayang'ana chilembo, poti moyo wawo wonse sanayang'anepo giya, dzanja ndi limene linkadziwa. Anadumpha R n'kukafika pa D. Anatembenuka kuyang'ana kumbuyo monga woyendetsa wabwino, anachotsa phazi pa buleki, galimoto n'kupita kutsogolo. Inagunda diramu ya madzi, diramu inagwetsa mtengo wa chingwe choyanikira, ndipo miphika ya maluwa ya amayi ija, imene ankaithirira ngakhale madzi atavuta, inaphwanyika pafupifupi yonse. Munthu sanavulale. Galimoto inangophwanyika nyali imodzi.

Amayi anatuluka manja ali thovu lokhalokha. Anayang'ana maluwa, anayang'ana abambo pa chiwongolero, kenako anandiyang'ana ine. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. Anati iwo anagona pansi m'chipatala milungu yonse ija, akupempha Mulungu kuti awasiyire mwamuna ngakhale wosakwanira, ndiye lero ife awiri tagwirizana kuti tikamalize ku msewu zimene matenda analephera. Atatero analowa m'nyumba n'kukuimbirani. Inu munandiimbira pambuyo pake n'kundiuza kuti ndibise makiyi, abambo asadzakhudzenso galimoto, ndipo ine ndinati chabwino.

Achimwene, makiyi sindinabise. Ndinawasiya pamene amakhala nthawi zonse, pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Ndinkamva mantha anu ndipo anali anganso. Koma inu simunawaone akuwerama pa ndodo kutola zidutswa za miphika ija chimodzichimodzi, akukana kuti ndiwathandize, kenako n'kundifunsa ngati pa shelefu ya kutsogolo kwa chiwongolero pamaoneka chilembo cha giya. Nditawaonetsa kuti chimayaka pamenepo, anati kuyambira lero sadzachotsa phazi pa buleki asanachiwerenge mokweza. Munthu amene akufuna kufa safunsa mafunso otero.

Amayi anakhala masiku angapo akutiyankha ndi mawu amodziamodzi. Lamlungu la sabata yotsatira litafika, ine ndi abambo tinkayang'anana, osadziwa kuti tiyambe bwanji. Tili choncho amayi anatuluka m'chipinda atavala, kachikwama kali m'manja, anadutsa pakati pathu, anakatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala. Ananditumiza kumbuyo ngati mwana. Anati poti anthu a m'nyumba muno samva, iwo apita nawo kuti akaone okha, asamadzauzidwe ndi anthu.

Ku bwalo kuja abambo anawerenga mokweza kuti D, tinanyamuka. Injini itangokweza mawu, dzanja lija linanyamuka ulendo wa ku giya. Lisanafike, amayi analimenya kofewa ndi kachikwama.

“Ku chiwongolero, bambo.”

Abambo anawayang'ana modabwa, dzanja linabwerera. Titazungulira linabweranso, kachikwama kanali tcheru. Pofika madzulo abambo anali akuseka, akuti zaka zonsezi anayenda ndi othandiza osiyanasiyana m'malole koma sanaonepo wankhanza chotere. Amayi anati akanayamba kalekale kukwera nawo, bwenzi zinthu zambiri zitawongoka. Ine kumbuyo ndinangoyang'ana pa windo. Ndinali ndisanawamvepo akuseka limodzi chiyambire matendawa. Zimene ine ndinalephera ndi mawu aulemu, amayi anazitha ndi kachikwama m'Malamlungu ochepa. Mwendo uja umadumphabe nthawi zina, koma dzanja linamva.

Musaganize kuti ndinawalowetsa mumsewu mwachisawawa. Abambo eni ake anakana kutuluka pa bwalo lija asanayesedwe, anati sanayendetsepo popanda chilolezo ndipo sayamba atakalamba. Tinapita kwa adokotala, anawayeza maso ndi mphamvu ya mwendo wakumanja, n'kuvomereza. Kenako tinapita ku ofesi ya malaisensi. Anavala jekete lawo la buluu lija, buluku atalipinda bwino ndi pini mbali yodulidwayo. Pa benchi yodikirira anakhala pakati pa achinyamata, ena ang'ono kuposa ine, onse akubwereza zizindikiro za pamsewu. Mtsikana wina anawafunsa ngati aperekeza mdzukulu. Anamuyankha kuti ayi, abwera kudzayesedwa ngati iyeyo, ndipo nawonso ali ndi mantha.

Wowayesa anali mayi wa nkhope yosaseka. Anayang'ana laisensi yawo yakale ya malole, anayang'ananso ndodo. Ine sanandilole kukwera, ndinatsala pa geti ndi amayi, tikuona galimoto ikutuluka. Amayi anakumbatira kachikwama kawo ngati kawathawa. Zimene zinachitika kumeneko tinamva kwa abambo pambuyo pake. Akuti anawafunsa tanthauzo la chilembo chilichonse, anawapititsa pa mtunda n'kuwauza kuti aime pakati, ayimike galimoto ngati akuisiya. Iwo anaponda buleki, anakoka handibuleki kaye kuti kulemera kwa galimoto kukhale pamenepo, kenako n'kuika pa P. Mayi uja anafunsa chifukwa chimene sanayambire P. Anamuyankha kuti kachitsulo kakang'ono sungakasenzetse galimoto yonse pa phiri, ndipo anawaphunzitsa zimenezi ndi mwana wawo wamkazi. Pobwerera anawadzeretsa pa mtsetse, iwo n'kutsitsira pa 2. Akuti mwendo unadumpha kamodzi pa maloboti, mayi uja anaona, koma dzanja silinachoke pa chiwongolero.

Anakhoza, achimwene. Laisensi yatsopano inalembedwa kuti aziyendetsa za otomatiki zokha. Ataiwerenga ndinaona kuti mawu amenewo awalasa, poti malole awo aja ndiye atsanzikana nawo mpaka kalekale. Kenako anaiika m'thumba la jekete n'kunena kuti tikwere, atiperekeza.

Sanatitengere kunyumba. Anatitengera ku yadi ya malole. Analowa pa geti akuliza hutala, a Mtali ndi anzawo anatuluka m'galaja manja ali oilo. Ataona amene ali pa chiwongolero, a Mtali anavula chipewa n'kuyang'ana kumbali kanthawi. Kenako, monga mukuwadziwira, anayamba chipongwe, kufunsa ngati kagalimotoka kamabwera ndi batire za wailesi. Abambo anawaitana kuti asuzumire, n'kuyamba kuwaphunzitsa zilembo zija chimodzichimodzi, mawu ali pamwamba, ngati galimotoyo anaipanga okha. Anafika pouza a Mtali kuti bondo lawo lija limawawa chifukwa cha kilatchi, asinthe msanga asanakalambe. Amayi anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndi munthu yemwe uja ankati mpando woyenda.

Masiku ano amandiperekeza ku ntchito m'mawa, n'kutsala ndi galimoto. Amapita ndi amayi kogula zinthu, amakatenga mankhwala okha, ndipo ayamba kudandaula kuti ndimasiya mpando pafupi kwambiri ndi chiwongolero. Agulira amayi miphika ina ya maluwa, yoposa imene anaswa, moti pabwalo pakusowa popondapo. Ine ndi amene ndasanduka wopempha galimoto yanga yomwe.

Ndikanakonda kalatayi ikanathera pamenepa. Ndaisiya patebulo kuyambira masana, ndachapa, ndasita, ndabwereranso.

Lachitatu lapitali tinapita ku chipatala monga mwa nthawi zonse. Namwino powavula sokosi anapeza kachilonda pansi pa chala chachikulu cha phazi lakumanja. N'kakang'ono, kosaposa njere ya chimanga, ndipo abambo sankakamva n'komwe. Adokotala anakayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ndinafunira. Anagwira phazi m'malo angapo, anati magazi sakuyenda bwino monga ankayendera poyamba. Atipatsa mankhwala, atiuza kuti tizikatsukitsa pafupipafupi, ndipo akuti tikasamala kakhoza kupola. Anati kakhoza. Mwendo wakumanzere unayambanso chimodzimodzi, inu mukukumbukira. Awalola kuyendetsa maulendo afupiafupi pakadali pano, koma anati kakapanda kusintha adzawauza kuti aleke.

Amayi sanapite nafe tsiku limenelo. Tinawauza kuti pali kachilonda, koma za magazizo sitinawauze, ndipo ndikupempha kuti mukamalankhula nawo musayambe ndinu. Abambo akuti awauza okha sabata ino, akungofuna tsiku labwino.

Potuluka m'chipatala ndinatambasula dzanja kuti andipatse makiyi. Anandiyang'ana, n'kupita okha ku chitseko cha woyendetsa. Tinayenda mpaka pa mlatho, umene tsopano anamaliza kukonza. Pamenepo anandifunsa ngati tchuthi chanu chikadali mwezi wa mawa. Ndinati sindikudziwa, poti munanena kuti mwina chaka chino simubwera. Anayendetsa kanthawi, kenako anati:

“Umuuze abwere. Akanapanda kundikalipira uja, bwenzi pano ndili pansi pa dothi ndi miyendo yanga iwiri. Umuuze kuti ndikamutenga ndekha.”

Ndinawauza kuti foni ilipo, akhoza kukuuzani okha. Anati mawu otere sayenda pa foni, ndipo iwo ndi inu mukangomvana mawu mumayamba kukangana musanapatsane moni. Ndiye ndi ine ndikukuuzani, monga mwa ntchito ya mwana wachitsiriza.

Sindikukukakamizani, ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo ntchito siimasiyika. Koma ngati n'kotheka, musadikire Disembala. Sindikudziwa kuti pofika Disembala adzakhala ali mbali iti ya galimoto.

Pobwera muwagulire nsapato zofewa, zotakasuka kutsogolo, zopanda msoko m'kati. Adokotala akuti kwanuko zimapezeka zabwino kuposa kuno. Nditawafunsa abambo saizi, anati musavutike ndi manambala, mungoyesa inuyo, phazi lanu ndi lawo ndi limodzi kuyambira muli ku sekondale, n'chifukwa chake nsapato zawo za ku tchalitchi zinkasowa Loweruka lililonse. Akuti ankadziwa.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija amayi anasoketsa ndipo yawakhala. Ana muwapsompsone, wamng'onoyo mumuuze kuti azakhali ake aona chithunzi cha dzino lake lochoka. Amayi akupereka moni, akuti muzivala zotentha. A Mtali akuti mukadzafika mudzawaone. Abambo ali pakhonde pano, phazi aliika pa kampando monga anawauzira adokotala, ndipo andifunsa kawiri ngati ndamaliza. Ndawafunsa ngati pali china choti ndiwonjezere. Akuti mulembe tsiku ndi nthawi imene mudzafike, ndipo mukadzatuluka pa bwalo la ndege musadzafunefune takisi, mudzangoyang'ana kumene kwaima magalimoto. Iwo adzafika msanga.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Chitsiriza